Tifa, Bahamut ndi Kongamato: mayina a m'magemu amachokera kuti?

Agogo anga aakazi sadziwa kanthu za magemu, koma makutu awo ndi akuthwa. Tsiku lina atabwera kudzacheza kutauni anakhala pabalaza akutongola mtedza, mphwanga ali pansi kutsogolo kwa TV akusewera Final Fantasy VII, ija anaikonzanso n'kuitulutsa mu 2020. Nkhondo inali itathina, ndipo mnyamatayo ankangokuwa kuti, "Tifa! Tifa!" Agogo anaika lichero pambali n'kufunsa mofatsa kuti, "Mufa ndi chiyani, mwana iwe?"

Titawauza kuti Tifa ndi dzina la mtsikana wa tsitsi lalitali uja akugwetsa adani ndi zibakera, anapukusa mutu. "Makolo ake anaona zotani kuti amutche dzina limenelo? Kunali maliro angati pakhomo pawo?"

Tinaseka, koma funso lawolo silinali lachibwana. Kwathu kuno dzina limanyamula nkhani. Ukamva Mavuto, Masiye kapena Maliro umadziwa kuti pakhomopo panadutsa chinachake, ndipo ukafunsa bwino akuuza. Choncho tikamva dzina lachilendo timayamba kufukula pansi pake. Osewera magemu padziko lonse ali ndi matenda omwewa. Pa Tifa yemweyo amakangana: ena amati linachokera ku Tiferet, mawu a chiphunzitso china cha Ayuda, ena amati ndi Tiffany wodulidwa mchira. Palibe amene amaganiza za Chichewa, ndipo akulondola, chifukwa anthu a ku kampani ya Square ku Tokyo amene anatulutsa gemuyi koyamba mu 1997 sankaganiza za ife. Ndiponso Tifayo safa. Amene amabayidwa ndi lupanga pakati pa nkhaniyo ndi mnzake Aerith.

Kuti mawu a Chijapani azimveka ngati athu n'zosadabwitsa mukaona mmene zinenero ziwirizi zimamangira mawu. Zonse zili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo maphatikizo ake amakonda kuthera pa lembo la liwu. Tingoyerekeza kuti chinenero chili ndi malembo opanda liwu 15. Mukawaphatikiza ndi asanu aja mupeza maphatikizo 75, ndipo mawu a maphatikizo awiri amene mungapange ndi 5,625 basi. Zinenero ziwiri zikamatunga pa chitsime chaching'ono chonchi, zidebe zimagundana ndithu. Mjapani akati mizu akunena madzi, ife tikunena za pansi pa mtengo. Moto amene ali kumapeto kwa dzina la Shigeru Miyamoto, yemwe anayambitsa Mario ndi Zelda, amatanthauza tsinde kapena chiyambi, sawotcha munthu. Mdani wamkulu wa mu Final Fantasy IX ndi Kuja, ngati mmene timanenera kuti "kumudzi kuja", pomwe Mswahili angamve ngati akuuzidwa za kubwera. Mu Zelda ya Twilight Princess muli kamwana kochenjera pa malonda kotchedwa Malo. Kwa ife ndi pokhala, kwa wolankhula Chisipanishi ndi choipa.

Mawu amene amandisangalatsa kwambiri pa nkhani imeneyi ndi mana. Aliyense amene anasewerapo Diablo kapena Warcraft amawadziwa: mphamvu ya buluu ija imene imachepa ukamaponya matsenga, ikatha umangoima ngati galimoto yopanda mafuta. Munthu wokulira m'tchalitchi amafulumira kuganiza za mana a ana a Isiraeli m'chipululu, a pa Eksodo 16, ndipo kulingalirako kumamveka bwino, pajatu zonsezi ndi mphamvu yotsika kumwamba. Koma palibe ubale. Mana a m'magemu anachokera ku zilumba za m'nyanja ya Pacific, kwa anthu a ku Melanesia ndi Polynesia, kumene amatanthauza mphamvu yosaoneka imene imakhala mwa mfumu, mwa msilikali wopambana kapena m'chinthu chopatulika. Amene anawadziwitsa kwa Azungu ambiri ndi mmishonale wa Anglican, Robert Codrington, m'buku lake la mu 1891 lonena za anthu a ku Melanesia. Akatswiri a za chikhalidwe anawatola pamenepo n'kuwagwiritsa ntchito zaka zambiri. Mu 1969 mlembi wa ku America Larry Niven anawasandutsa chinthu chotha, ngati palafini m'nyali, m'nthano yake ya mfiti. Opanga magemu anakonda ganizo limenelo chifukwa chinthu chotha n'chosavuta kuchiwerenga ndi manambala. Tsono pali mana a ku Pacific, mana a m'chipululu, Mana Pools a ku Zimbabwe amene dzina lawo ndi la Chishona lotanthauza zinayi, komanso kumana kwathu kuja kwa munthu woumira. Onse anayi sadziwana. Ngakhale ndivomereze kuti buluu uja akakuthera pakati pa nkhondo, tanthauzo lathuli ndi limene limagwira.

Njira yosiyanitsira dzina lobwerekedwa ndi longofanana ndi imodzi, kufunsa kuti linadzera pati ndipo analinyamula ndani. Blantyre wathu ali ndi njira yake yodziwika: amishonale a ku Scotland anafika mu 1876 n'kutcha malowo dzina la tauni imene David Livingstone anabadwira. Koma wina atadzuka n'kunena kuti mawu akuti zombie anachokera ku Zomba, tingamufunse kuti anakwera chiyani. Ofufuza ambiri amawalondola ku zinenero za ku Congo ndi Angola, kudzera pa zombo za akapolo mpaka ku Haiti. Phiri la Zomba silipezeka paliponse pa ulendo umenewo.

Mayina amene njira yawo imadziwika ndi amene amadabwitsa koposa, chifukwa kawirikawiri amafika atavala thupi la eni ake. Bahamut ndiye chitsanzo chabwino. Kwa wosewera Final Fantasy aliyense, Bahamut ndi mfumu ya zinjoka zamapiko, chilombo chimene ukachiitana sikirini yonse imayera ndi moto. Ali momwemo kuyambira gemu yoyamba ya mu 1987, mmene amakutuma kukatenga mchira wa khoswe kuti akukweze udindo. Koma m'mabuku akale a Chiarabu ofotokoza mmene dziko linakhalira, monga la al-Qazwini wa m'zaka za m'ma 1200, Bahamut ndi nsomba. Dziko lili pa mapewa a mngelo, mngeloyo waima pa thanthwe la mwala wofiira wamtengo wapatali, thanthwelo lili pamsana pa ng'ombe yamphongo yaikulu, ndipo ng'ombeyo yaima pa nsomba. Nsombayo ndiye Bahamut. Ilibe mapiko, silavula moto, ntchito yake ndi kusenza.

Nsomba inameza bwanji moto n'kumera mapiko? Yankho silili ku Japan ayi, lili m'boma la Wisconsin ku America. Kumeneko Gary Gygax, pamodzi ndi Dave Arneson, anatulutsa mu 1974 masewera a patebulo otchedwa Dungeons & Dragons, oseweredwa ndi mapepala, pensulo ndi madayisi. Masewerawa ankafuna zilombo zambirimbiri, ndipo Gygax ankatola mayina paliponse pamene wapeza lomveka mochititsa mantha. M'buku lawo la zilombo la mu 1977, dzina la Bahamut linapatsidwa kwa chinjoka chabwino, mfumu ya zinjoka zolungama. Anyamata a ku Square ankawadziwa bwino masewera amenewa, ndipo anakolola zilombo zake pafupifupi munda wonse. Sanatenge Bahamut kwa Aarabu, anamutenga kwa Gygax atamusintha kale.

Ndipo ulendo wake sunayambire kwa Aarabu. Akatswiri ambiri amaona kuti Bahamut ndi katchulidwe ka Chiarabu ka Behemoth wa pa Yobu 40, chinyama chodya udzu ngati ng'ombe, chogona m'mabango, chosaopa mtsinje ukasefukira. Munthu wa ku Liwonde kapena ku Chikwawa safunika womasulira pamenepa, ndipo Mabaibulo ena a Chichewa anangolemba kuti mvuu, Leviathan wa mutu wotsatirawo n'kumulemba kuti ng'ona. Ku Russia mpaka lero mvuu amaitcha begemot. Tsono mu Final Fantasy muli Bahamut chinjoka, mulinso Behemoth chilombo cha nyanga ziwiri cha mtundu wofiirira, nyama ziwiri zosiyana kotheratu, koma dzina ndi limodzi lomwelo limene linapatukana pamphambano zaka mazana ambiri zapitazo n'kudzakumana pa sikirini imodzi osazindikirana. Mwina pansi pa zonsezo pagona mvuu.

Tiamat anadzera njira yomweyo. Kwa Ababulo anali mayi wa nyanja yamchere, amene mulungu Marduk anamupha n'kung'amba thupi lake pakati kupanga thambo ndi dziko. Dungeons & Dragons inamupatsa mitu isanu, ndipo mu Final Fantasy yoyamba mayi wa madziyu anasanduka chiwanda cha mphepo. Ifrit yekha ndiye anayenda ulendo wake osataya zambiri. Asilamu amamudziwa kuchokera mu Qur'an, Surah 27, pamene ifrit wa m'gulu la majini akulonjeza Sulaiman kuti abweretsa mpando wachifumu wa mfumukazi ya ku Saba iye asanadzuke pamalo ake. Popeza majini analengedwa kuchokera ku moto, kumupatsa moto m'gemu sikunali kusokera kwenikweni. Mnzake Shiva ndi nkhani ina. Kwa Ahindu ndi mmodzi wa milungu yaikulu kwambiri, wamwamuna, wopembedzedwa ndi anthu mamiliyoni mazanamazana lero lomwe. Kuyambira Final Fantasy III ya mu 1990 anasanduka mkazi wa khungu la buluu woponya madzi oundana. Osewera ena amalozera ku phiri la Kailash, lachisanu, kumene Ahindu amati Shiva amakhala. Ena amati ndi nthabwala chabe, poti dzinali likalembedwa m'Chijapani limamveka ngati mawu a Chingerezi otanthauza kunjenjemera. Ine sindikhulupirira kuti panali kulingalira kozama. Anafuna mayina akuluakulu, anawapeza, anawagawa.

Si onse amene amasekera zimenezi. Mu 2012, gemu ya Smite isanatuluke n'komwe, mtsogoleri wina wa Ahindu ku America, Rajan Zed, anadandaula poyera kuti Kali ndi milungu ina yachihindu yasanduka zidole zoti munthu aziziyendetsa ndi zala. Thor ndi Zeus alibe owalankhulira ambiri masiku ano, koma Kali ali nawo. Tingadzifunse mmene tingamvere atatenga dzina la Mbona kapena Chauta n'kulipereka kwa chilombo chophedwa pa mphindi zitatu.

Final Fantasy VII yomwe ija inatola mbali zonse. Mzinda wa Midgar ndi Midgard, dziko la anthu m'nthano za ku Scandinavia, ndipo mudzi wa Nibelheim ndi Niflheim, dziko la nkhungu ndi chisanu. Sephiroth, wa tsitsi loyera uja anapha Aerith, dzina lake ndi mawu a Chiheberi onena njira khumi zimene Mulungu amadzionetsera m'chiphunzitso cha Kabbalah. Ndi mawu ochulukitsa, imodzi ndi sefirah, ngati kutcha mwana mmodzi kuti Madalitso. Lupanga lake lalitali mopitirira muyeso limatchedwa Masamune, dzina la mmisiri weniweni wosula malupanga amene anakhala ku Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1300.

Vuto lina limabwera dzina likamabwerera kuchoka ku Japan. Ajapani amalemba mawu achilendo ndi zilembo zotchedwa katakana, ndipo amachita zomwe ifenso timachita: school timati sukulu, Ruth timati Rute, Blantyre pakamwa pathu ndi Bulantaya. Nawonso sasiyanitsa l ndi r, ngati mmene ife timasinthira pa "kulira" ndi "kulola" osaganizako. Tsono tayerekezani kuti mwapatsa mlendo mawu akuti Bulantaya, sanamvepo za mzindawu, n'kumuuza kuti awabwezere m'Chingerezi. Angalembe zinthu khumi zosiyana. Zimenezi n'zomwe zinachitikira Aerith. M'Chijapani analembedwa Earisu, ndipo eni ake ankafuna kuti dzinalo limveke pafupi ndi mawu a Chingerezi otanthauza dziko lapansi. Chijapani chilibe liwu lija la Chingerezi lotulutsa lilime pakati pa mano, chimaikapo su. Omasulira a mu 1997 anaona su n'kulemba Aeris. Kuyambira pa Kingdom Hearts ya mu 2002 kampaniyo inakonza kukhala Aerith, koma alipo akuluakulu a zaka makumi anayi amene mpaka lero amakana kusintha, ngati munthu wokanirira dzina lakale la msewu.

Okonda mpira amve iyi. Mnyamata wa mchira amene ali mwini nkhani mu Final Fantasy IX, ya mu 2000, m'Chijapani ndi Jitan. M'Chingerezi anamulemba Zidane. Apa n'kuti patangopita zaka ziwiri Zinedine Zidane atagoletsa zigoli ziwiri za mutu pogonjetsa Brazil 3-0 m'ndime yomaliza ya World Cup ya 1998. Ku France dzina limenelo linali ndi mwini wake mmodzi yekha, ndipo gemuyo itafika kumeneko mnyamatayo anatchedwa Djidane. Kufanana kwangozi nakonso kumakhala ndi zotsatira zake.

Omasulira a nthawi imeneyo anali ndi ufulu umene lero sangaupeze, komanso anali pa mpanipani. Makina anali ndi malo ochepa kwambiri moti mu Final Fantasy yoyamba ya Chingerezi dzina la munthu kapena la tsenga linkayenera kukwana m'zilembo zinayi. Mwini nkhani wa Chrono Trigger, ya mu 1995, ndi Crono wopanda h chifukwa malo anali a zilembo zisanu. Womasulira wake, Ted Woolsey, anali atasintha kale Tina wa mu Final Fantasy VI kukhala Terra, poona kuti dzina limene kwa Mjapani linkamveka lachilendo ndi lodabwitsa, ku America linali la mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo. Mu Chrono Trigger anapitirira apo. Nkhalamba zitatu zanzeru, zimene m'Chijapani ndi Gasch, Hash ndi Bosch, anazitcha Belthasar, Gaspar ndi Melchior, mayina amene mwambo wa Chikhristu unapatsa anzeru a kum'mawa aja, ngakhale Mateyu sanawatchule mayina. Akazembe atatu a adani, amene kwawo anatchedwa mayina a viniga, sosi wa soya ndi mayonezi, anawasandutsa Ozzie, Slash ndi Flea, oimba a nyimbo za rock. Choseketsa kwambiri ndi lupanga la Frog, msilikali wa m'gemumo amene anasanduka chule. M'Chijapani ndi Grandleon, dzina lomveka la ku Ulaya. Dzina la Chijapani lakuti Masamune analiikapo ndi Mmerika. Munthu amene angalembe nkhani yaitali yofotokoza chifukwa chimene Ajapani anaikira anzeru a kum'mawa m'gemu yawo ndiye kuti akufukula manda opanda mtembo.

Maloya ndi mantha a chipembedzo nawonso anasintha mayina ambiri. Mu 1977 eni ufulu wa ntchito za Tolkien anaopseza opanga Dungeons & Dragons, ndipo hobbit anasanduka halfling, ent anasanduka treant. Nthambi ya Nintendo ya ku America sinkafuna kanthu kokhudza tchalitchi m'magemu ake, choncho tsenga lotchedwa Holy linatuluka ngati Fade, kenako White, kenako Pearl, ndipo buku limene mu Zelda yoyamba ya ku Japan linkatchedwa Baibulo, ku America linafika lili buku la matsenga. Uri Geller, wodziwika ndi kupinda masipuni pa TV, anasumira Nintendo mu 2000 chifukwa cha Pokémon yogwira sipuni, imene m'Chingerezi ndi Kadabra koma m'Chijapani dzina lake limamveka pafupi kwambiri ndi lake. Khadi la chilombocho linasowa zaka pafupifupi 20, mpaka Geller anapepesa mu 2020 ndipo linabwerera mu 2023.

Pali gulu lina limene limachititsa manyazi ofukula tanthauzo, la mayina omveka akale kwambiri koma ali nthabwala za muofesi. Mu Wizardry ya mu 1981, gemu imene Ajapani anaikonda mpaka kuphunzirapo popanga Dragon Quest, mfiti yoipa ndi Werdna ndipo mfumu yamisala ndi Trebor. Awerengeni chobwerera. Opanga gemuyo anali Andrew Greenberg ndi Robert Woodhead. Vecna, mfiti yoopsa ya mu Dungeons & Dragons, ndi zilembo za dzina la mlembi Jack Vance zosakanizidwa.

Osewera Skyrim amalumbira pa Akatosh, chinjoka chimene ndi mulungu wa nthawi, ndipo dzinalo limamveka ngati linafukulidwa m'mabwinja a ku Mesopotamia. Linachokera kwa mmodzi mwa anthu amene ankayesa gemu ya Daggerfall isanatuluke mu 1996. Munthuyo ankakonda kusaina mauthenga ake ndi mawu akuti "also known as The Old Smaug Himself", kudzitcha nkhalamba Smaug, chinjoka cha m'nthano ya Tolkien. Tengani lembo loyamba la liwu lililonse, mupeza Akatosh. Milungu ingapo ya m'dziko limenelo inatchedwa motero, pothokoza oyesa gemu ndi ogwira ntchito pakampani ya Bethesda. Julianos ndi Julian LeFay, mmodzi mwa akuluakulu a ntchitoyo. Mara, mulungu wamkazi wa chikondi amene kachisi wake ali ku Riften, kumene osewera amakamangitsa ukwati, nayenso anatchedwa potsatira mayi wina woyesa gemu. Komatu onani mmene dzinali lingasokeretsere munthu. Pa Rute 1:20 Naomi akubwerera ku Betelehemu mwamuna ndi ana ake aamuna awiri atamwalira, n'kuuza amayi a m'mudzi kuti asamutchenso Naomi koma Mara, kutanthauza kuwawa. Kwa Abuda, Mara ndi woyesa amene anafuna kusokoneza Buddha pansi pa mtengo. Ku Kenya ndi Tanzania ndi mtsinje umene nyumbu zimawoloka ng'ona zikudikira. Wofuna kulemba za chikondi chowawa kapena chikondi chonyenga ali ndi zipangizo zonse, ndipo zonsezo n'zabodza.

Ku Nintendo mayina ena anachokera kwa anthu enieni. Miyamoto ananena yekha kuti Zelda anamutcha potsatira Zelda Fitzgerald, mkazi wa mlembi wa ku America F. Scott Fitzgerald, chifukwa dzinalo linamukomera m'khutu. Kenako linabwereranso kwa anthu, pamene katswiri wa zisudzo Robin Williams anatcha mwana wake wamkazi Zelda chifukwa cha gemuyo. Mario ndi dzina la Mario Segale, mwini nyumba yosungiramo katundu imene Nintendo inkachita lendi pafupi ndi Seattle. Epona, kavalo wa Link, mwini nkhani wa magemu a Zelda, ndiye wobwerekedwa moyenera, popeza anali mulungu wamkazi wa akavalo kwa anthu a ku Gaul ndi asilikali a Roma. Koma mu Breath of the Wild ya mu 2017 muli msampha wabwino. Kalonga wa anthu a m'madzi ndi Sidon, ndipo wowerenga Baibulo amathamangira ku Turo ndi Sidoni, mizinda ya m'mbali mwa nyanja, n'kuona ngati zagwirizana. Mlongo wake ndi Mipha, amene ife tingamuwerenge ndi ph wa kupha. Bambo awo ndi Dorephan. Aliyense woimba kwaya aimve bwino banja limeneli: do, re, fa kwa bambo, mi, fa kwa mwana wamkazi, ndipo si, do kwa kalonga, pajatu noti imene ife timaiimba kuti ti, ku Japan ndi kumayiko ambiri a ku Ulaya amati si. M'Chijapani kalongayo ndi Shido basi.

Nanga za kwathu ku Africa zilimo? Zilimo, koma zinadzera m'manja mwa alendo. Mu Final Fantasy V ya mu 1992 muli chilombo chotchedwa Catoblepas, chimene chikakuyang'ana umasanduka mwala. Dzinali ndi la Chigiriki, lotanthauza choyang'ana pansi. Mroma Pliny, amene analemba cha m'chaka cha 77 AD, anati ku Ethiopia kuli nyama ya mutu wolemera kwambiri moti imangouzolikitsa, ndipo n'zabwino kuti zili choncho chifukwa woona maso ake amafa pomwepo. Patapita zaka mazana ambiri katswiri wa zinyama wa ku France, Georges Cuvier, anati nyamayo iyenera kuti inali nyumbu. Amene anaonapo nyumbu za m'chigwa cha Luangwa zikudya, mutu waukulu uli pansi, ndevu zikulendewera, amvetsa mmene nkhani ya mlenje mmodzi inakulira podutsa pakamwa pa amalonda mpaka kukafika ku Roma.

Dzina limene linachokeradi pafupi nafe ndi Kongamato. Mu 1923 Frank Melland, Mngelezi amene anali woweruza m'boma la Kasempa pa nthawi imene Zambia inkatchedwa Northern Rhodesia, anatulutsa buku lofotokoza moyo ndi zikhulupiriro za Akaonde. Mmenemo analemba za chilombo cha m'madambo a Jiundu, chofiira, chonga buluzi koma cha mapiko a mleme, cha mano m'kamwa, chimene anthu ankachiopa powoloka chifukwa chinkagubuduza mabwato. Melland anaonetsa anthu zithunzi za zouluka zakale zija zinatha pamodzi ndi madayinaso, ndipo analemba kuti anazilozera n'kunena kuti n'chomwecho. Chiganizo chimenecho n'chimene chinapatsa dzinali mapiko. Osaka zilombo zosadziwika ku Ulaya ndi ku America analikopera m'buku lina kupita m'buku lina kwa zaka zambiri, Akaonde eni ake osafunsidwanso, mpaka linalowa m'mindandanda ya zilombo imene opanga magemu amatolamo mayina.

Lero Kongamato ali mu Final Fantasy XIV, gemu ya pa intaneti imene anthu a mayiko ambiri amasewera nthawi imodzi. Si buluzi, alibe mapiko a mleme, ndipo palibe bwato limene amagubuduza. Ndi chouluka chonga kachilombo kakakulu, chimene wosewera amachipeza akagwirira ntchito mtundu wina wa zolengedwa za m'gemumo kwa masiku angapo, kenako amachikwera pamsana ngati bulu.